Mawu Osaiwalika Ndi Amene Wowerenga Amamaliza Yekha

Kumbuyo kwa minibasi zochoka ku Chilobwe kupita m'tauni ya Blantyre kumalembedwa mawu afupiafupi, ndipo pa WhatsApp achinyamata sagona osaikapo nzeru za Shakespeare kapena Chinua Achebe. Mayina a alembi athu a Chichewa saoneka kawirikawiri pamenepo, mwakuti ena amaganiza kuti m'mabuku athu mulibe mawu oyenera kusunga pamtima. Akulakwitsa. Mawuwo alipo ndipo amayenda pakamwa pa anthu, kungoti luso lake ndi lina: mlembi amanena theka, theka linalo n'kumusiyira wowerenga.

Taonani mitu ya mabuku. Willie Zingani anatcha buku lake Madzi Akatayika, ndipo Jolly Max Ntaba analemba Mwana wa Mnzako komanso Ikakuona Litsiro Sikata. M'mitu iwiri yoyambayo mwambi waduka kumapeto. M'wachitatuwo waduka koyamba, pakuti mvula yokhayo, imene ndi mwini nkhani, sinatchulidwe. Wowerenga amamaliza mwambiwo mumtima asanatsegule tsamba loyamba, ndipo chimene munthu wachimaliza yekha sachedwa kuchitenga ngati chake. Benedicto Wokomaatani Malunga anafika pomwepo kudzera m'khutu. Mutu wa ndakatulo yake Ndidzakutengera Kunyanja Ligineti uli ndi mawu atatu okha: lonjezo, malo, ndi dzina la munthu. Zoti ulendowo udzakhalapodi kapena ayi, womvera amadziyankha yekha, n'chifukwa chake ngakhale amene sanagwirepo bukulo amaudziwa.

Wina adzati ili si luso koma kubwereka, popeza miyambi ndi ya makolo. Koma Achebe yemweyo, amene mawu ake timawaika pa mafoni, anatenga mutu wa Things Fall Apart, buku la mu 1958, m'ndakatulo ya W.B. Yeats wa ku Ireland, ndipo palibe amamutcha wakuba. Ntchito ya mlembi ili posankha mwambi umodzi pakati pa mazanamazana, kuudula pamalo oyenera, kenako kuuyesa pa anthu a m'nkhani kuti tione ngati ukunenadi zoona. Winanso adzati anthu amakumbukira mituyi chifukwa choloweza pokonzekera mayeso. Sukulu inathandizadi, koma ndi mabuku angati amene ophunzira analoweza n'kuiwala atangotuluka m'chipinda cha mayeso?

Pamene otsutsa ali ndi mfundo ndi apa: olemba ena atsopano amaunjika miyambi itatu kapena inayi m'ndime imodzi, yonse yathunthu, ena mpaka kuimasulira. Pamenepo wowerenga sapeza choti amalize, choncho satenga kanthu. Olemba a lero, makamaka alakatuli onena ndakatulo pa wailesi ndi m'maholo a mu Blantyre, aphunzire kwa Ntaba kusiya mawu amene womvera akuwadziwa kale.