Buku la Mbiri ya Acewa ndi Nkhalamba za Kwathu

Mwezi uno tifuna kuika buku limodzi pa muyeso, ndilo Mbiri ya Acewa, limene analemba mphunzitsi wa ku Nkhoma, Samuel Yosiya Nthara. Ndiye yemwe uja analemba Nthondo, buku limene linaturuka m'caka ca 1933. Mbiri ya Acewa inasindikizidwa pa Nkhoma pakutha pace pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, ndipo m'caka ca 1973 inaturukanso m'Cingerezi, kuti a maiko ena aiwerenge.

Tiyambe ndi zokoma zace. Mbali yaikuru ya mbiri iyi Nthara sanaipeza m'mabuku ai, pakuti makolo athu sanali kulemba. Iye anapita kwa nkhalamba, nakhala pansi, nafunsa, nalemba. M'kamwa mwao ndimo munaturuka nkhani za Kalonga ndi Undi, za Kaphirintiwa, za Makewana ndi kacisi wa ku Msinja, za a Phiri ndi a Banda. Akadacedwa, zambiri za izi zikadalowa m'manda pamodzi ndi eni ace. Pa ici tiyenera kumyamika kwakukuru.

Koma buku liri nazo zoperewera ziwiri. Coyamba, likamba kwambiri za mafumu, za maulendo ndi za nkhondo, koma nzeru za pa mtondo ndi pa mafuwa zicepamo. Nanga ife Acewa, amene tiwerenga mtundu wathu potsata amai, mbiri yathu ingakwanire bwanji popanda mau a agogo akazi? Iwo ndiwo adziwa mbumba yonse ndi kumene inacokera, kasungidwe ka mbeu, kaumbidwe ka mbiya ndi kacezedwe ka cidulo. Caciwiri, buku silifunsika. Nkhalamba ukaifunsa kawiri ionjezapo, ndipo ya mudzi wina ikhoza kuitsutsa. Koma mau akagona pa pepala sayankhanso. Colakwa ici si ca Nthara, ndi ca mabuku onse. Buku ndilo nkhokwe, koma munda ndiwo anthu amoyo.

Tsono pano ndi pamene pali cotiwawa. Buku tilisunga bwino m'bokosi kuopa ciswe, koma otsala a iwo amene buku linacokera kwa iwo tiwasiya m'nyumba zodontha. Kale atsikana anali kugona ku kuka kwa agogo, namva nthano ndi miyambo usiku ndi usiku. Anyamata anali kukhala pa bwalo, namva akuru alikuweruza mirandu. Lero anyamata ambiri ali ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Johannesburg. Agogo atsala ndi adzukulu, ena a iwo amasiye cifukwa ca Edzi, ndipo manja onjenjemera ndiwo agwira khasu.

Coipa coposa ndi ici: nkhalamba imene anthu aleka kuicezera isanduka mlendo m'mudzi mwace momwe, ndipo tsoka likagwa cala ciloza iyo. M'mwezi wa Januwale 2016, ku Neno, mphezi inapha mtsikana, ndipo anthu anapha okalamba anai powanenera ufiti. Komatu lamulo loletsa kunenera munthu ufiti linaikidwa kale m'caka ca 1911. Imvi zimene Nthara anaziyesa cuma, ena anaziyesa mlandu.

Boma lacitapo mbali yace. M'caka ca 2006 linayamba ku Mchinji thandizo la ndalama lochedwa Mtukula Pakhomo, limene lifika pa makomo osaukitsitsa, ambiri a iwo osungidwa ndi okalamba. M'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo loteteza anthu okalamba. Izi nzabwino ndithu. Koma lamulo silitunga madzi, silifolera denga, ndiponso silikhala pa khonde kumvetsera. Nchito imeneyo yatsalira inu ndi ine.

Cifukwa cace ife titi, kuwerenga Mbiri ya Acewa koona ndiko kutsanza njira ya mlembi wace. Inu amene mudziwa kulemba, sankhani nkhalamba imodzi ya m'mudzi mwanu, ingakhale si mbale wanu. Musapite cimanjamanja: senzani mtolo wa nkhuni kapena mtsuko wa madzi, ndipo mutenge mwana mmodzi akhale mboni. Funsani dzina la mudzi wakale, funsani za njala ya 1949 ndi cimene anthu anadya, funsani mbeu zimene zinapirira cilala. Lembani m'kope pamodzi ndi dzina la wonenayo, ndipo mubwerenso sabata linzace kukamwerengera, kuti akonze pamene mwalakwa. Popita kawirikawiri mudzaona nokha ngati m'nkhokwe mwatha, kapena ngati cifuwa cafuna cipatala. Ndipo mudzi ukaona kuti pa khomo paja pafika anthu masiku onse, amiseche adzasowa polowera.

Makolo anati, akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto. Dambo likauma, moto wolusa udzazima kuti? Nthara anatunga m'dambomo mtsuko umodzi, natisiyira. Madzi akalipobe, koma aphwa caka ndi caka. Tiyeni tikatunge kusanade.