Juzi pamapewa a wakupha

Filimu ya The Good Nurse ya 2022 ndinaionera pafoni kuno ku Mlangeni, madzulo ena nyimbo za ophunzira upolisi zitazilala. Mwina n'chifukwa chake ndinkayembekezera mfuti ndi kuthamangitsana. Mulibe zimenezo. Tobias Lindholm, amene anawongolera filimuyi, amatiopseza ndi bata.

Nkhaniyi inachitikadi. Charles Cullen, namwino wa ku New Jersey, ankathira insulin ndi digoxin m'madiripi a odwala. Chipatala chikamukayikira chinkangomuchotsa mwakachetechete, iye n'kukayamba ntchito kwina. Anamangidwa mu 2003, mnzake wa ntchito yausiku, Amy Loughren, atavomera kuthandiza apolisi.

Taonani mmene filimuyi ikuyambira. Wodwala akutsirizika, madokotala ali yakaliyakali, koma kamera sikutionetsa zonsezo. Ikungosendera pang'onopang'ono kunkhope ya Eddie Redmayne, amene akusewera ngati Cullen, ataima phee pambali. Imfa tikuimva ndi makutu, maso athu ali pa munthu wooneka wofatsa.

Pamene pandigwira mtima kwambiri ndi papepala. Apolisi awiri ali ndi zotsatira za magazi m'manja, koma kwa iwo ndi manambala chabe. Jessica Chastain, amene ndi Amy, akungoyang'ana kamodzi, nkhope n'kusintha: wodwalayu analandira insulin wosafunikira. Wapolisi ali ndi mphamvu yomanga, koma wodziwa kuwerenga thupi ndi wachipatala, ndipo wolemba filimuyi walola kuti nkhani itembenukire pomwepo, popanda ng'oma kapena kukuwa. Kumapeto, m'chipinda chofunsira mafunso, Amy akuvula juzi lake n'kumufunditsa Cullen pamapewa. Chimene ukali wa apolisi unalephera, chifundo chikutulutsa. Chofooka chilipo ndithu: achibale a omwalira amangodutsa ngati mthunzi, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Kwathu kuno nkhani zotere sizikusowa. Wophunzira Robert Chasowa atapezeka atafa pa Polytechnic mu Seputembala 2011, apolisi anati wadzipha. Dr Charles Dzamalala atapima thupi anapeza kuti anamenyedwa m'mutu, ndipo bungwe lofufuza la mu 2012 linatsimikiza kuti anachita kuphedwa. Pa mlandu wa kuphedwa kwa MacDonald Masambuka wa ku Machinga, wachipatala anali m'gulu la opezeka olakwa mu 2022, pamodzi ndi wansembe ndi wapolisi.

Komabe m'masewero athu ambiri dokotala amangolowa ndi chovala choyera, n'kunena kuti pepani tayesetsa, n'kutuluka. Ine ndikufuna kumva pa wailesi mphindi imene dokotala watsala yekha ndi lipoti, akudziwa kuti zimene waona sizikondweretsa akuluakulu. Chitseko chatsekedwa, panja wapolisi akutsokomola modikira, ndipo cholembera chayamba kukanda papepala.