Ngongole ya nkhondo m'kabuku ka Smedley Butler

Smedley Butler anatumikira gulu la asilikali a Marines ku America kuyambira 1898 mpaka 1931. Anamenya nkhondo ku China, ku Nicaragua, ku Mexico ndi ku Haiti, analandira kawiri mendulo yapamwamba ya Medal of Honor, ndipo anapuma ali meja jenerali. Mu 1935 munthu yemweyu anatulutsa kabuku kotchedwa War Is a Racket, konena kuti nkhondo ndi katangale wolemeretsa anthu ochepa.

Mphamvu ya kabukuka ili pa kasanjidwe kake. Butler akuwerengera nkhondo monga mwini sitolo awerengera malonda madzulo: mutu wachiwiri ukufunsa za amene amapindula, wachitatu za amene amalipira. Kumbali ya phindu akutchula makampani ndi mayina awo. Akuti kampani ya du Pont, yopanga wonga, inkapeza madola 6 miliyoni pachaka nkhondo yoyamba ya dziko lonse isanayambe, koma nkhondo ili mkati inkapeza 58 miliyoni.

Kenaka akutembenukira kwa msilikali wamba, ndipo ziwerengero zikuchepa mochititsa chisoni. Malipiro ake anali madola 30 pamwezi. Theka linkapita kubanja, ina inkadulidwa ya inshuwalansi, ndipo yotsalayo ankamukakamiza kuibwereketsa kuboma. Powerenga mamiliyoni aja kenaka timadola iti, munthu amapsa mtima yekha wolembayo asanamuuze. Ndiye Butler akumulowetsa m'zipatala za boma zimene anayendera, mmene munali anyamata amene anapita kunkhondo ali bwinobwino n'kubwerako mitu itasokonekera. Amenewa anawaona ndi maso ake, ndipo apa ndi pamene mawu ake akumveka owawa kwambiri.

Njira zothetsera vutoli zikutuluka m'chiwerengero chomwecho. Eni mafakitale ndi mabanki azilandira madola 30 omwewo nthawi ya nkhondo. Ovota ngati dziko lilowe nkhondo akhale okhawo amene akanyamule mfuti. Sitima zankhondo zisapitirire mamailosi 200 kuchoka pagombe.

Koma pali ngongole imene kabukuka sikakuiwerengera mokwanira. Olipira amene Butler akuwalirira kwenikweni ndi Aamerika. Mendulo yake yachiwiri anaipata mu 1915 pa Fort Rivière ku Haiti, pamene asilikali ake anapha omenyera ufulu otchedwa Cacos. Pambuyo pake anatsogolera apolisi a dzikolo, amene ankagwiritsa anthu wamba ntchito ya thangata yolambula misewu. Anthu amenewa analipiranso, koma malo awo m'masamba awa ndi ochepa kwambiri.

Izi sizikufafaniza kulimba mtima kwa jenerali amene anadzudzula poyera ntchito imene inamupatsa ulemu wonse. Funso lake lakuti walipira ndani ndi lolondola, ndipo woliwerenga moona mtima ayenera kulifunsanso m'malo mwa Ahaiti.