Face Off: nanga uja ali mkati mwa cilombo?

Msuweni wanga anan'patsa Face Off pa flash disk, akuti niione cifukwa muli zilombo. N'nayembekezela zija tinazoloŵela m'mapulogilamu a mpikisano: kutukwanana, misece pa kamera, wina kulila kubafa. Zimene n'napeza ni anthu a maapuloni akuda na fumbi, ali phee kukanda dongo.

Pulogilamuyi inali kuonetsedwa pa Syfy ku America kucokela mu 2011 mpaka 2018, masizoni 13, ndipo woiyendetsa anali McKenzie Westmore. Opikisana ni amisili osandutsa nkhope za anthu m'mafilimu, ndipo wopambana anali kutenga $100,000. Nchito yaikulu nthawi zambili imatenga masiku atatu. Loyamba amajambula cilombo cawo na kuciumba na dongo pamwamba pa mutu wa pulasitala. Laciŵili amakuta dongolo na pulasitala kuti apange cikombole, n'kucitsegula, kukolopola dongo lonse, kuti muloŵe foam latex kapena silicone. Lacitatu amamata khungu latsopanolo pa munthu wamoyo na kulipenta kwa maola anayi, kenako ola limodzi lomalizila.

Tsiku laciŵili ndiye linan'gwila mtima. Cikombole cikakana kutseguka, nchito yonse ya dzulo yatsekeleka mkati, ndipo nthawi siimilila munthu. Apa uona wopikisana akusiya tebulo lake n'kubwela na citsulo kudzathandiza mnzake kukanula. Ni mnzake mmodzimodziyo amene angamulande ndalama zija. Poyamba n'naganiza kuti ni seŵelo la pa kamera, koma zimacitika kaŵili-kaŵili, sizoni na sizoni, mpaka n'nakhulupilila kuti ni mmene anthu a nchito iyi alili. Aliyense cinamukanilapo.

Oweluza nawonso sacita zongofuna kuchuka. Ve Neill ali na ma Oscar atatu, a Beetlejuice, Mrs. Doubtfire na Ed Wood. Iye, Glenn Hetrick na Neville Page amanyamuka pa mipando, n'kuyandikila, kuyang'ana pamene labala yakumana na khungu. Ngati mzele uonekela pakhosi, amakamba. Ngati nsagwada yaikidwa pamene fupa silingakhale, amakambanso, na cifukwa cake. Kucokela pamene n'nayamba kuonelela, filimu yoopsa niiyang'ana pakhosi coyamba. Yanionongela mantha, koma siningadandaule.

Dandaulo langa lili pena. Mkati mwa cilombo ciliconse muli munthu. Wakhala pa mpando maola asanu, guluu kumaso, makutu otsekeka, nthawi zina akuona na diso limodzi cabe. Akatuluka pa siteji, ni iye amene amapendeka mutu, kukoka mwendo, kupuma monga cinthu codwala. N'naonapo nchito yofooka ikuoneka yamoyo cifukwa wovalayo anadziŵa kuyenda nayo, komanso yokongola ikufa cifukwa anangoimilila monga mtengo wa malaiti. Koma pulogilamu imamuona monga conyamulila cabe. Dzina lake limamveka mwa apo na apo, ndipo oweluza amamugwila-gwila kumaso uku akukambilana za penti.

Mwina cimaniŵaŵa cifukwa ca kumene n'nakulila. Aliyense amene anaonako Gule Wamkulu kum'maŵa kapena Makishi adziŵa kuti anthu sayamba na kufunsa za penti. Amayang'ana mmene cinthuco ciloŵela m'bwalo, mmene fumbi likwelela, mmene ana athaŵila. Nkhope yosavina siinathe kupangidwa. Face Off imadziŵa zimenezi, cifukwa m'mafainolo ena amalola zilombo kuvina kapena kuseŵela m'kafilimu kafupi, ndipo magawo amenewo ndiwo abwino kupambana onse. Koma n'cifukwa ciani kuyembekezela mpaka kothela? Mawiki onse apakati, timaweluza cithunzi coimilila pansi pa magetsi, pamene nchito yeniyeni ya cilombo ca m'filimu ni kuyenda, kutuluka thukuta, na kukuwa popanda cibwano kumatuka.

Ngati muli na bando yocepa, yambani na fainolo ya sizoni iliyonse, kenako mubwelele kumbuyo kukaona zikombole. Ine nafika pa sizoni ya 5, ndipo msuweni wanga wayamba kale kufunsa flash disk yake.