Nyenyezi Imodzi Inali Yokwanira

Pali chizolowezi chimene chandifika pakhosi mwa anthu olemba za mabaji a galimoto. Amatenga zithunzi khumi, kuziyala pamzere papepala loyera, chaka pansi pa chilichonse, kenako n'kugamula kuti iyi ndi yokongola, iyo ndi yachikale. Koma baji ya galimoto sinabadwire papepala. Ndi chitsulo chimene chimakhala padzuwa, chimamwa fumbi ndi mvula, ndipo amene amachiona tsiku lonse ndi munthu wokhala pachiwongolero. Woweruza baji asanaizungulire ndi miyendo yake, ine sindimumvera.

Tengani nyenyezi ya Mercedes-Benz. Kampani ya Daimler-Motoren-Gesellschaft inailembetsa mu 1909, patapita zaka 9 Gottlieb Daimler atamwalira. Ana ake, Paul ndi Adolf, ndiwo anakumbukira kuti bambo awo anajambulapo nyenyezi pamwamba pa nyumba yawo ya ku Deutz, pa khadi limene anatumizira mayi awo. Nsonga zitatuzo zinkaimira injini zapamtunda, zapamadzi ndi zamumlengalenga. Chaka chomwecho ku Mannheim, kampani ya Benz inalembetsa yake: dzina loti Benz mkati mwa nkhata ya masamba. Mu 1916 nyenyezi ija inalowa mumkombero, koma inalowa ndi katundu, tinyenyezi tinayi pamwamba ndi dzina loti Mercedes pansi. Makampani awiriwa ataphatikizana mu 1926, nyenyezi inakhala mkati mwa nkhata, mayina onse awiri m'mbali. Pofika 1933 panali patatuluka mtundu wina wopanda chilichonse mwa izi: nyenyezi ndi mkombero basi.

Onani kumene ulendowu unkalowera. Tinyenyezi tinachotsedwa, mawu anachotsedwa, masamba anatsitsidwa n'kukakhala pa kabaji kakang'ono ka pamphuno. Luso lonse linali m'kuchotsa, ndipo kuchotsa kumafuna mtima wolimba kuposa kuwonjezera, chifukwa chotsalacho chilibenso pobisala.

Koma chimene chimanditenga mtima ndi nyenyezi yoimirira ija, imene anailembetsa mu 1921 kuti izikhala pamwamba pa rediyeta. Ndinaima nthawi yaitali tsiku lina pa galaja ina, pafupi ndi benzi yakale ya m'ma 1980, penti itayamba kusuluka, matayala awiri atakhala pa njerwa. Nyenyezi yokhayo inali bwinobwino. Mukaiyang'ana pafupi, mwendo uliwonse uli ndi msana pakati, ndipo mbali ziwiri zimatsetsereka kuchoka pamsanapo ngati denga. Dzuwa likagunda, mbali imodzi imawala, inayo imada. Mukasuntha phazi limodzi, kuwala kumalumphira mbali ina. Palibe penti, palibe mtundu, kuwala kwa tsiku ndiko kumajambula nyenyeziyo mwatsopano mphindi iliyonse. Makaniko wa pamenepo anaikankha ndi chala, inawerama, ataisiya tinaibwezera pamalo pake osathyoka, chifukwa pansi pake pali sipuling'i yoti munthu akagundidwa isamubaye.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene oyala zithunzi aja sangachione mpaka kalekale. Nyenyezi ya nsonga imodzi m'mwamba, ziwiri pansi, imaoneka chimodzimodzi kutsogolo ndi kumbuyo. Woyenda pansi amaona chimene woyendetsa akuona. Chilembo ngati B kapena R sichingachite zimenezi, chimatembenuka. N'chifukwa chake nyenyezi yozungulira imene inaikidwa pansanja ya siteshoni ya sitima ku Stuttgart mu 1952 inkawerengeka kulikonse kumene munthu waima. Komanso pakati pa miyendoyo pali mphako zitatu, ndipo woyendetsa amaona msewu kudzera momwemo. Baji imene imalola dziko kudutsa mkati mwake! Ndiuzeni ina imene inafika pamenepo.

Za BMW, amene mu 2020 anachotsa mkombero wakuda pa chizindikiro chawo cha zotsatsa malonda kuti chizioneka bwino pafoni, sindikhalitsapo. Ndi ntchito ya pakompyuta, si ya pagalimoto. Jaguar nawo mu 2024 anachotsa nkhope ya nyama yawo pabaji n'kuikapo zilembo, ndipo zilembo aliyense ali nazo.

Chondipweteka n'chakuti a Mercedes-Benz eni ake akuoneka kuti aiwala chimene anapeza. Nyenyezi yaikulu ya pakati pa mphuno sindikuikana, pa 300 SL ya mu 1954 inakhala bwino kwabasi, chifukwa galimoto yaliwiro yogwada pansi sifuna chinthu choimirira pamwamba. Vuto linayamba pamene inafalikira ku galimoto wamba za kampaniyi, makamaka kuyambira pa C-Class ya mu 2007, imene wogula ankasankha pakati pa nyenyezi yoimirira ndi yapamphuno. Kenako panabwera rada yoyeza mtunda wa galimoto yakutsogolo, imene anaibisa kuseri kwa baji. Chitsulo chimatchinga rada, choncho pa galimoto zambiri nyenyezi inasanduka chithunzi chosindikizidwa kuseri kwa mbale yosalala ya pulasitiki. Chifukwa chake ndikuchimvetsa, ndipo chitetezo cha anthu sindingachitsutse. Koma pitani mukaisisite ndi dzanja. Msana uja palibe. Mithunzi ndi yojambula, imakhala mbali imodzi m'mawa ndi madzulo omwe.

Atataya kuya kwake, anayamba kulipira ndi kuchuluka. Mu 2013 anayamba kugulitsa nyenyezi yoyaka magetsi. Pa E-Class ya mu 2023 nyali zakumbuyo zinatenga maonekedwe a nyenyezi. Pa CLA yamagetsi ya mu 2025, mphuno yokha ili ndi tinyenyezi 142 toyaka. Zana limodzi ndi makumi anayi ndi tiwiri! Anthu a m'ma 1920 anaona kuti tinayi n'tambiri ndipo anatichotsa. Ena amati ogula a masiku ano amafuna zimenezi, makamaka achinyamata ndi misika ya ku Asia, ndipo mwina n'zoona kuti zimagulitsa. Koma ine ndikukamba za luso, ndipo chizindikiro chimene chabwerezedwa mpaka kukhala ngati maluwa a pachitenje chasiya kuloza, changosanduka chokongoletsera.

Nyenyezi yoimirira ikadalipo pa S-Class, ndipo ndimayamika amene akuiteteza mkati mwa kampaniyo. Pa CLA ija palibe. Munthu akakhala pachiwongolero n'kuyang'ana kutsogolo, amaona boneti yopanda kanthu, ndipo mwa tinyenyezi 142 tija palibe ngakhale kamodzi kamene kamafika m'maso mwake.