Liwu la Mwana M'ng'anjo ya Makina

M'chaka cha 1956, ku Cologne m'dziko la Germany, Karlheinz Stockhausen anatulutsa nyimbo yotchedwa Gesang der Jünglinge. Iye anajambula pa tepi liwu la mnyamata wa zaka 12, nalidula tizidutswatizidutswa, nalisakaniza ndi kulira kwa makina amagetsi. Mawu ake anawatenga m'buku la Danieli, pa anyamata atatu aja otamanda Mulungu m'ng'anjo yamoto.

Omvera oyamba anagawikana: ena anaomba m'manja, ena anakuwiza. Okuwizawo, m'kuona kwanga, sanatchere khutu. Chimene ankachiyesa phokoso ndiwo malawi a ng'anjoyo, othetheka kuchokera m'zokuzira mawu zozinga omvera. Liwu la mwanayo limamira m'malawimo, nkutumphukanso likutamandabe, losapsa ngakhale pang'ono.