Mwala Woimba Mluzu

Kodi mwala ungathe kuimba? Ambiri a ife tingati iai. Mwala timaudziwa pa mafuwa, pa mphero ndi pa maziko a nyumba. Koma panali Mcewa wina amene anaupatsa mwala mau. Dzina lao ndi a Fanizani Akuda, a kwa Phiri.

A Akuda anabadwa mu 1932 m'dziko limene lero ndi Zambia. Mu 1949 anapita ku Southern Rhodesia kukafuna nchito, monga anacitira makolo athu ambiri a ku Tsangano ndi ku Macanga. Kumeneko anathyola thonje, anamanga nyumba za njerwa, analuka madengu.

Mu 1966 anafika ku Tengenenge, pafupi ndi Guruve. Mwini famuyo, Tom Blomefield, anali mlimi wa fodya. Fodya anali atasowa msika cifukwa maiko ambiri anakana kucita malonda ndi boma la Ian Smith. Koma pa famupo panali mwala wabwino kusema, umene amati serpentine. Anthu ocokera ku Malawi, Mozambique, Zambia ndi Angola anayamba kusema mwalawo. A Akuda anayamba ndi kukumba miyala cabe. Pambuyo pake nawonso anagwira nyundo ndi citsulo cosemera. Nkhondo itakula, mu 1975 anasamukira ku Chitungwiza. Anamwalira mu 2011.

Tsopano tiyeni tione nchito yao. A Akuda sanachuke ndi gitala kapena ng'oma. Anachuka ndi mitu ya mwala yoimba mluzu. Mutuwo ndi wobulungira. Maso ake ndi otsinzina, ngati a munthu amene ali pakati pa tulo ndi maso. Pakamwa ndi kamzere kocepa, ndipo pakati pake pali kabowo. Ukagogoda pakabowopo ndi cala cacikulu, mwala umatulutsa mau.

Apa ndi pamene pagona luso lao. Sanacurutse zokongoletsa. Mzere umodzi ndi kabowo kamodzi zakwana kutikumbutsa mnyamata woweta ng'ombe kudambo, kapena mlendo woyenda yekha usiku, amene aimba mluzu kuti adzilimbitse mtima. Zilombo za gule wamkulu zimaopsa kuti ziphunzitse. Nkhope za a Akuda zimamwetulira. Munthu amene anakhala moyo wa utchona anasankha kusema cimwemwe, osati misozi.

Koma tisangoyamika. Nkhope zao zambiri zimafanana. Ukaona zisanu, yacisanu ndi cimodzi sikudabwitsanso. Wosema amene adyera m'manja mwake amabwereza cimene ogula akonda, ndipo njala ingathe kumanga luso monga cingwe cimangira mbuzi. Woimba amene ali ndi nyimbo imodzi yokha amatopetsa bwalo, ngakhale nyimboyo ikhale yokoma.

Cinanso si colakwa cao. Amalonda anapatsa miyala yonseyi dzina limodzi, lakuti zosema za Ashona, ngakhale ena mwa osemawo anali Acewa ndi Ayao. Miyala yambiri inapita kutsidya kwa nyanja. Ife eni cinenero cao sitinaione, ndipo ambiri sitinamve ndi dzina lomwe.

Pakati pathu alipo anthu otere. Amene asema ng'oma ndiye amaiyamba kuiomba, kuti amve ngati mtengo walankhula. Wosema mtondo, mpando kapena mpini ali ndi luso lofanana. Akafa, dzina lao limapita nao ngati palibe wolilemba. Ife tsopano tikuphunzira kugwira pensulo. Tiyeni tilembe maina ao akali moyo.

Mafunso

1. Kodi a Akuda anagwira nchito zanji asanayambe kusema?
2. Kodi mwala wao umatulutsa bwanji mau?
3. Kodi ndi bwino kuti wosema azibwereza cimene ogula akonda? Kambiranani.
4. Lembani dzina la wosema ng'oma wa m'mudzi mwanu.